Foni yokha, maikolofoni ya waya, yopanda waya kapena rekoda: njira iti imagwira bwino mawu a anthu akamacheza?

Munthu akafuna kujambula mawu a anthu amene akukambirana, kaya ndi mtolankhani wa wailesi ya m'dera, wophunzira amene akuchita kafukufuku m'midzi, mlembi wa komiti ya mpingo, kapena mdzukulu amene akufuna kusunga mbiri ya banja kuchokera pakamwa pa agogo ake, nthawi zambiri amayamba ndi kudzifunsa ngati foni yake ndi yabwino mokwanira. Funsoli lili ndi malo ake, koma si limene limagamula nkhani. Mafoni ambiri amene ali m'manja mwa anthu lero, kuphatikizapo a Itel, Tecno ndi Infinix amene ndi otsikirapo mtengo, ali ndi maikolofoni yotha kugwira mawu momveka ngati pakamwa pa wolankhulayo pali pafupi. Chimene chimawononga mawu kwambiri ndi kutalikirana kwa pakamwa ndi maikolofoni, choncho njira iliyonse iyenera kuyezedwa poyamba ndi mmene imafupikitsira mtunda umenewu.

Pabwalo, pamene palibe makoma obweza mawu, mtunda ukawonjezeka kawiri mphamvu ya mawu imatsika ndi madesibelo (dB, muyeso wa kukula kwa mawu) pafupifupi 6. Maikolofoni ikachoka pa masentimita 20 n'kupita pa masentimita 40 mawu amatsika, ikafika pa 80 amatsikanso, ndipo pofika pa mita imodzi ndi theka amakhala atatsika ndi madesibelo pafupifupi 18. Pamene mawu a wolankhula akuchepa chonchi, phokoso la chigayo, la njinga zamoto za kabaza pamsewu kapena la ana amene akusewera kuseri kwa nyumba silichepa ngakhale pang'ono, chifukwa kwa phokoso lochokera kutali kusuntha foni ndi mita imodzi sikusintha kanthu. Khutu la munthu limasankha mawu amene likufuna n'kunyalanyaza ena, n'chifukwa chake pochezapo zonse zimaoneka ngati zikumveka bwino, koma maikolofoni imatenga zonse mmene zafikira. Zoyamba kutayika ndi timawu tofewa monga s, f ndi ts, komanso kampweya kamene kamasiyanitsa ph ndi p kapena th ndi t, ndipo amene amadzavutika ndi munthu wolemba zokambiranazo papepala.

Foni yokha

Ubwino wa njira iyi ndi woonekeratu: palibe chogula, palibe waya wokolana, ndipo wolankhula amaiwala msanga kuti akujambulidwa chifukwa foni ndi chinthu chimene amachiona tsiku ndi tsiku. Maikolofoni yaikulu ya foni imakhala kumunsi, pa kabowo kakang'ono pafupi ndi pochajira, ndipo mafoni ambiri ali ndi inanso kumtunda. Mbali ya kumunsiyo ndi imene iyenera kuloza wolankhula pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, chapambali pang'ono osati pakamwa penipeni, kuti mpweya wotuluka ndi p ndi b usamawombe maikolofoni. Kuigwira m'manja nthawi yaitali sikuthandiza chifukwa chala chikangosuntha zimamveka, ndipo kuigoneka patebulo lopanda nsalu kumachititsa kuti igwire kugogoda kwa makapu, mabolopeni ndi zigongono. Chitenje chopindapinda kapena thaulo pansi pake ndi zokwanira kuthetsa zimenezi.

Vuto lalikulu ndi lakuti foni inapangidwira kuimbirana, osati kusunga mawu. Mafoni ambiri amasintha okha kukula kwa mawu: wolankhula akakhala chete akuganiza, foni imakweza mphamvu n'kuyamba kukoka phokoso la kutali, ndipo akayambiranso kulankhula, mawu ake oyamba amatuluka okwera kwambiri asanatsitsidwe. Mafoni ena amachotsa phokoso mwaukali moti munthu wokalamba amene amalankhula motsitsa amatengedwa ngati phokoso, mathero a ziganizo zake n'kumadulidwa. Pali zimene mungachite pochepetsa vutoli. Pa iPhone, pulogalamu ya Voice Memos ili ndi posankha Lossless, njira imene imasunga mawu osatayako kanthu. Pa mafoni ena a Samsung, pulogalamu yojambulira ili ndi njira ya Interview imene imagwiritsa ntchito maikolofoni ya kumtunda ndi ya kumunsi nthawi imodzi, kuti anthu awiri okhala moyang'anizana amveke onse. Pa mafoni ena a Android mungafunike kuikamo pulogalamu ina yolola kujambula mu WAV, mtundu wa fayilo yosunga mawu osawapanikiza, koma chenjerani chifukwa mafoni amene amasunga batire mwamphamvu amatseka mapulogalamu otere sikirini ikazima. Njira yodziwira ndi kujambula mphindi 15 kunyumba sikirini itazima, kenako n'kumvetsera ngati zonse zalowa.

Musanayambe, ikani foni pa flight mode. Munthu akakuimbirani pakati pa zokambirana, mafoni ambiri amaimitsa kujambula osakuuzani, komanso foni ikamafunafuna netiweki imatha kulowetsa kaphokoso kolira modukizaduka, makamaka ngati mwalumikizako maikolofoni ya waya.

Kwa anthu awiri okhala moyandikana m'chipinda cha phee, foni yokha imakwanira ndithu. Anthu akapitirira atatu, amene wayandikira foni amamveka bwino ndipo ena onse amamveka ngati ali chipinda china. Njira yosawonongetsa ndalama yothetsera zimenezi ndi kugwiritsa ntchito mafoni awiri kapena atatu, iliyonse pafupi ndi wolankhula wake. Mukayatsa onse, ombani m'manja kamodzi mwamphamvu kuti pakompyuta mudzapeze polumikizira mafayilowo, ndipo pulogalamu yaulere ya Audacity imagwira ntchito imeneyi bwinobwino. Dziwani kuti mafoni awiri sawerenga nthawi mofanana ndendende, moti pa kujambula kwa ola lathunthu mafayilo amatha kusiyana pang'ono chakumapeto, ndipo pamafunika kuwakonzanso.

Mahedifoni

Mahedifoni a waya amene amabwera ndi foni ali ndi kamaikolofoni pa waya wake, ndipo kamaikolofoni kameneka kakakhala pafupi ndi chibwano cha wolankhula kamaposa foni yodula imene ili patebulo kutali. Vuto lake ndi lakuti wayayo ndi wamfupi ndipo amathandiza munthu mmodzi yekha. Mahedifoni a Bluetooth, ngakhale odula, ndi oyenera kuwapewa pa ntchito iyi. Maikolofoni yake ikayamba kugwira ntchito, Bluetooth imasinthira ku njira yoimbirana foni imene imadula mbali yaikulu ya mawu, moti zotuluka zake zimamveka zoipa kuposa za maikolofoni ya foni imene munali nayo kale.

Maikolofoni ya waya yopanira pamalaya

Ngati pali ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, ine ndingagule ichi. Ndi kamaikolofoni kakang'ono kokhala ndi kopanira, kamene kamaikidwa pamalaya pa mtunda wa chikhatho chimodzi kuchokera pachibwano. Kamakhala pomwepo kaya munthuyo atsamire kumbuyo kapena aweramire kutsogolo, choncho mtunda uja umene umavuta pa njira zina pano susintha. Yodziwika kwambiri m'masitolo ndi Boya BY-M1, imene ili ndi waya wa mamita pafupifupi 6 ndi kabokosi kokhala ndi swichi yosankhira pakati pa kamera ndi foni. Kabatire ka LR44 kamene kamalowa m'kabokosimo ndi kothandiza pa kamera, koma pa foni swichi iyenera kukhala mbali ya foni, chifukwa mphamvu yochepa imene maikolofoni imafuna imachokera m'foni momwemo. Anthu ambiri amene amadandaula kuti maikolofoni yawo inafika yakufa amakhala kuti swichiyi ili mbali yolakwika.

Pogula maikolofoni ya mtundu wina, yang'anitsitsani pulagi yake. Ya mizere iwiri yakuda, imene imatchedwa TRS, ndi ya kamera ndi marekoda, pamene foni imafuna ya mizere itatu, yotchedwa TRRS. Mukalowetsa ya mizere iwiri m'foni, foniyo imaona ngati mwalowetsa mahedifoni wamba, ndipo imapitiriza kujambula ndi maikolofoni yake ya m'kati popanda kukudziwitsani. Njira yotsimikizira ndi yachidule: yambani kujambula, kandani kamaikolofoniko pang'ono ndi chikhadabo, kenako kandaninso foniyo, ndipo mukamvetsera mudziwa imene ikugwira ntchito. Mafoni ambiri a Tecno, Itel ndi Infinix akadali ndi kabowo ka mahedifoni ka mamilimita 3.5, koma Apple inachotsa kabowoka kuyambira pa iPhone 7 mu 2016, ndipo mafoni ambiri odula a Android anatsatira. Pa mafoni oterowo pamafunika adaputala yolowetsa pochajira, ya Lightning kapena ya USB-C, ndipo si adaputala iliyonse imene imalola maikolofoni, chifukwa zina zimangotulutsa mawu osalowetsa. Popeza zabodza zilipo zambiri pamsika, ndi bwino kupita ndi foni yanu kusitolo n'kuyesa zonse musanalipire.

Maikolofoni imeneyi ili ndi zovuta zake. Imagwira kukhulana kwa nsalu, choncho siyenera kubisidwa pansi pa jekete kapena kukhudzana ndi mikanda, korona kapena unyolo wa m'khosi. Waya wake wautali umakola miyendo ya mipando ndi mapazi a ana, ndipo munthu akaimirira mwadzidzidzi amakoka foni n'kuigwetsa. Mukailumikiza pa kabowo ka mahedifoni, pa mafoni ambiri simungamvetsere zimene zikulowa pa nthawi yomweyo, choncho muyenera kujambula kachigawo kakafupi, kuzula pulagi, kumvetsera, kenako n'kuyamba zenizeni. Ilipo ina ya mitu iwiri, monga Boya BY-M1DM, yoti wofunsa ndi woyankha aliyense akhale ndi wake, koma mawu a onse awiri amalowa pamodzi m'fayilo imodzi, moti wina akakhala wa mawu aakulu kuposa mnzake n'zovuta kuwalinganiza pambuyo pake.

Palinso nkhani ya ulemu imene opanga zipangizozi sailemba m'mapepala awo. Mnyamata sangangofika n'kuyamba kupanira kanthu pachifuwa cha mayi wachikulire, ndipo mkamwini sangachite zimenezi kwa apongozi ake kapena munthu wamba kwa mfumu pabwalo. Chofunika ndi kuwasonyeza pa malaya anu pamene kamaikolofoniko kayenera kukhala, kenako n'kuwapatsa kuti apanire okha, kapena kupempha wachibale woyenera kuti awathandize. Akaika mokhota pang'ono palibe chovuta, chifukwa mamaikolofoni ambiri amtunduwu amagwira mawu ochokera mbali zonse.

Maikolofoni yopanda waya

Izi ndi zimene zafala pakati pa anthu ojambula mavidiyo a Facebook ndi TikTok: kabokosi kamodzi kamapaniridwa pamalaya a wolankhula, kena kamalowetsedwa pochajira foni. Kampani ya ku Australia ya Rode inatulutsa Wireless GO mu 2019, ndipo mu 2021 inatulutsa Wireless GO II yokhala ndi timabokosi tiwiri ta anthu awiri, tomwe timathanso kusunga mawu m'kati mwake. DJI ndi Hollyland akupanga zofanana nazo. Kusunga mawu m'kati kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa zipangizozi zimatumiza mawu pa mafunde a 2.4 GHz, pamene pamadutsanso WiFi ndi Bluetooth, ndipo thupi la munthu limatchinga mafundewo. Mamita 200 amene amalembedwa pabokosi ndi a pamalo oonekera popanda chotchinga, koma wolankhula akatembenuka n'kukupatsani msana pamsonkhano wodzaza anthu, mawu amatha kuduka ngakhale ali pafupi.

Pamene pali vidiyo, kapena pamene wolankhula akuyenda akusonyeza mbewu m'munda kapena maukonde pagombe, njira imeneyi ilibe inzake, chifukwa kamera imafuna kutalikira pamene maikolofoni imafuna kuyandikira. Koma pa zokambirana za anthu okhala pansi, munthu amalipira ndalama zambiri kugula ufulu woyenda umene sakuugwiritsa ntchito, n'kudziwonjezera zinthu zitatu zofunika kuchaja. Batire la Wireless GO limakhala maola pafupifupi 7 likadali latsopano, ndipo kumudzi kopanda magetsi likatha latha, simungagule lina pagolosale. Zotchipa zopanda dzina lodziwika, zimene zadzaza m'misika, zimachotsa phokoso mwaukali kwambiri moti mawu amatuluka ophwanyika ndipo kuseka kapena kuimba kumadukaduka. Pa kanema wamfupi wa pa intaneti zimenezi zingapiririke, koma pa mawu a agogo amene mukufuna kuti adzamvedwe zaka 30 zikubwerazi, maikolofoni ya waya yotchipa imaziposa. Ngati mwagula ndipo foni yanu ya Android sikuizindikira, yang'anani pa masetingi ngati OTG, imene imalola foni kuzindikira zipangizo zolowetsedwa pochajira, yayatsidwa, chifukwa mafoni ena amaizimitsa okha.

Rekoda yapadera

Apa foni imasiya kukhala chojambulira chachikulu n'kukhala chothandizira. Marekoda ang'onoang'ono monga Zoom H1n, imene inatuluka mu 2018, ndi Tascam DR-05X ali ndi mamaikolofoni awiri abwino, amasunga mawu pa memori khadi, ndipo amagwiritsa ntchito mabatire wamba, awiri a AAA pa Zoom ndi awiri a AA pa Tascam, amene amapezeka pafupifupi pa malo ochitira malonda alionse. Zoom imeneyi ndi kampani ya ku Japan, yosiyana ndi pulogalamu ija ya misonkhano ya pa intaneti. Chimene rekoda imaposera njira zambiri zam'mbuyomu ndi chakuti mumavala mahedifoni n'kumamva zimene zikulowa nthawi yomweyo. Firiji ikayamba kulira, mphepo ikakula kapena waya akamasuka, mumadziwa pomwepo, osati mutabwerera kale m'tauni. Mulinso ndi mphamvu yosintha nokha kukula kwa mawu, ndipo akatswiri amalangiza kuti mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB pa kachizindikiro kake, kuti munthu akaseka mwadzidzidzi mawu asaphwanyike. Marekoda atsopano monga Zoom H1essential ya mu 2024 amajambula mu 32-bit float, imene imachotsa nkhawa yolinganiza mawu imeneyi.

Rekoda ndi imene imayenera pamene anthu ndi ambiri ndipo mawu a gulu ndi mbali ya nkhaniyo. Taganizirani za nthano imene ikukambidwa madzulo: wokamba akayamba, omvera amayankha kuti "tili tonse", ndipo pakati pake pamakhala nyimbo imene onse amavomera. Maikolofoni ya pamalaya ingagwire wokambayo bwino kwambiri, koma omverawo angamveke patali, ndipo nthano yopanda oyankha ndi theka chabe la nthano. Chimodzimodzinso msonkhano wa banki m'khonde kapena zokambirana za alimi khumi okhala pamkeka: rekoda ikakhala pakati, pamwamba pa kampando kuti ifanane ndi milomo ya anthu, ndipo anthuwo akakhala mozungulira moyandikana, aliyense amamveka. Lamulo la mtunda lija silichoka, rekoda yodula imene ili pa mamita atatu imagonja kwa foni imene ili pa masentimita 30. Komanso mamaikolofoni ake amamva mphepo ndi kugwiragwira kuposa a foni, choncho panja pamafunika kachophimba kaubweya kotchinga mphepo, chifukwa kasiponji kokha sikakwanira mphepo ikakula. Ndi katundu winanso wonyamula, ndipo anthu ena akaiona amaumitsa thupi n'kuyamba kulankhula ngati ali pa wailesi.

Wolankhula akakhala kutali

Mabanja ambiri ali ndi abale ku Johannesburg, ku Harare kapena ku Britain, ndipo atolankhani nthawi zambiri amafunsa anthu pa foni. Apa njira zonse ndi zoperewera, kungoti zina zimaperewera kuposa zinzake. Kuimbirana kwa masiku onse kumangonyamula mawu a pakati pa 300 ndi 3,400 Hz, omwe ndi gawo chabe la kamvekedwe ka mawu a munthu, choncho timawu tofewa tija timatayika tisanafike n'komwe pa foni yanu, ndipo palibe pulogalamu imene ingatibweze. Kujambula foni yoimbiranayo nakonso kwavuta. Kuyambira mu May 2022, Google inaletsa mapulogalamu a pa Play Store kugwiritsa ntchito njira imene ambiri ankajambulira mafoni, ngakhale kuti mafoni ena amabwera ndi chojambulira chawochawo. Apple inayamba kulola zimenezi pa iOS 18.1 mu October 2024, ndipo foni imalengeza kwa onse awiri kuti kujambula kwayamba. Kuika foni pa sipika n'kujambula ndi foni ina ndi njira yoipitsitsa, chifukwa imaphatikiza kuperewera kwa netiweki, kwa sipika ndi kwa chipinda.

Mauthenga a mawu a pa WhatsApp amamveka bwinoko kuposa kuimbirana, popeza amajambulidwa kaye pa foni kenako n'kutumizidwa athunthu, moti netiweki ikavuta amangochedwa koma saduka. Amapanikizidwa kwambiri ndi njira yotchedwa Opus kuti asadye bandulo, komabe pa wailesi amagwira ntchito. Chimene amataya ndi kucheza kwenikweniko, chifukwa simungafunse funso lotsatira munthu akadali m'kati mwa ganizo lake. Njira yabwino koposa ndi yakuti muzilankhulana pa foni imodzi pamene mbali iliyonse ikujambula mawu ake pa foni yachiwiri imene ili pafupi ndi pakamwa, kenako mafayilo awiriwo adzalumikizidwe. Zimafuna kuti kumudziko kukhale wachinyamata wothandiza, koma zotuluka zake zimamveka ngati munali m'nyumba imodzi.

Malo amene mwasankha

Chipangizo chilichonse chimene mungagule chimagonja kwa chipinda choipa. Kalasi ya sukulu, tchalitchi kapena ofesi ya simenti pansi, makoma opulasitala ndi malata opanda siling'i zimabweza mawu, ndipo wolankhula amamveka ngati akulankhulira mu mgolo. Nyumba ya dothi yofolera udzu, imene ena angachite nayo manyazi kulowetsamo mlendo, ndi yabwino kwambiri pojambulira kuposa holo yamakono, ndipo m'tauni chipinda chogona chokhala ndi matiresi, makatani ndi zovala chimaposa pabalaza. Ombani m'manja kamodzi mukalowa: mukamva kuombako kukupitirira kulira, funani malo ena kapena yandikitsani maikolofoni kwambiri. Nyengo nayo ili ndi zake. Kuyambira November mpaka April mvula ya pamalata imakwirira mawu alionse, ndipo palibe chochita koma kudikira kuti ikate. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imavutitsa ojambula m'mbali mwa nyanja, ndipo mu October nyenje za m'mitengo zimalira mosalekeza, moti kukhala pansi pa mtengo wa mango masana, ngakhale pali mthunzi wabwino, ndi kudziputira mavuto. Zimitsani fani ndi wailesi, talikirani jenereta, ndipo musajambule foni ili pa chaja ya pakhoma chifukwa machaja otchipa amalowetsa kulira kwa magetsi m'mawu. Ngati batire lachepa, pawabanki ndi yabwinoko.

Phokoso lina limachokera kwa wofunsa mwiniwake. Mwaulemu wathu, wamkulu akamalankhula womvera amavomereza kuti "eya", "eetu", "indedi", ndipo kukhala duu kumaoneka ngati mwano. Pa fayilo, kuvomereza kumeneku kumagwera pamwamba pa mawu a wolankhulayo, ndipo popeza wofunsa ndi amene nthawi zambiri amakhala pafupi ndi foni, "eya" wake amamveka kuposa nkhani yeniyeniyo. Ndi bwino kuwafotokozera pachiyambi kuti muzivomereza ndi mutu ndi maso kuti mawu awo amveke okha, ndipo achikulire ambiri amamvetsa akauzidwa chifukwa chake.

Zonsezi zikaikidwa pamodzi, kusankha sikuvuta kwenikweni. Pa munthu mmodzi kapena awiri okhala pansi, maikolofoni ya waya ndi imene imapereka zambiri pa ndalama zochepa. Yopanda waya ndi ya anthu a vidiyo ndi oyenda, ndipo ngati thumba silikufika pa ya dzina lodziwika ndi bwino kudikira. Rekoda ndi ya gulu, ya nyimbo ndi ya munthu amene kujambula ndi ntchito yake ya mwezi ndi mwezi. Amene alibe chilichonse mwa izi asaleke ulendo wake, angoyandikitsa foni n'kusankha chipinda mosamala.

Chilolezo ndi kasungidwe

Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo zimene akulankhula ndi ena pa foni kapena m'makalata, ndipo mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act lokhudza kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka zinthu zokhudza anthu. Kupatula malamulo, foni yobisidwa m'thumba imajambula kukhulana kwa nsalu kuposa mawu. Njira yabwino ndi kupempha chilolezo musanayatse, kenako mukayatsa n'kutchula tsiku, malo ndi mayina, ndi kuwafunsanso kuti avomere ndi mawu awo kuti akujambulidwa komanso kuti mawuwo akagwiritsidwa ntchito yanji. Kuvomera kuti mdzukulu asunge nkhani si kuvomera kuti iikidwe pa Facebook.

Pa mtundu wa fayilo, kusiyana kwake ndi kwa malo. Ola limodzi la WAV ya 48 kHz ndi 16-bit pa njira imodzi ya mawu limatenga pafupifupi 345 MB, pamene ola lomwelo mu fayilo yopanikizidwa ya AAC kapena MP3 ya 128 kbps limatenga pafupifupi 58 MB. Ngati cholinga ndi kulemba zokambiranazo kapena kuziulutsa pa wailesi, 128 kbps ndi yokwanira, ndipo khutu la anthu ambiri silingasiyanitse. Ngati ndi zosunga kwa nthawi yaitali, bungwe la padziko lonse la osunga mawu ndi zithunzi, la IASA, limalangiza kuti zisatsike pa 48 kHz ndi 24-bit mu WAV, zomwe zimafika pa 518 MB pa ola. Mapulogalamu ochotsa phokoso amathandiza pa kulira kosasintha monga kwa fani, koma amene amagwiritsa ntchito luntha la makina amachita kumanganso mawuwo, ndipo akakumana ndi Chichewa chosamveka bwino amatha kusintha kamvekedwe ka mawu ena mpaka kutulutsa zimene munthuyo sananene. Choncho fayilo yoyambayo isakhudzidwe, kukonza kulikonse kuchitikire pa kope.

Mukangomaliza, sinthani dzina la fayilo kuti likhale ndi chaka, mwezi, tsiku, malo ndi dzina la wolankhula, chifukwa mafayilo makumi awiri otchedwa Recording ndi nambala sasiyanitsika pakatha mwezi. Ikopereni pa kompyuta kapena pa memori khadi ina tsiku lomwelo kudzera pa waya. Potumizira ena pa WhatsApp, sankhani Document kuti fayilo ipite mmene ilili. Kuyambira mu 2022 njira imeneyi imalola mafayilo ofika 2 GB, ngakhale kuti WAV ya ola lathunthu imadya bandulo yambiri kwa wotumiza ndi wolandira yemwe, choncho abale ongofuna kumvetsera atumizireni kope la AAC, ya WAV ikhale kwa inu m'malo awiri osiyana.